Anakhala Pansi

Loweruka, mvula yowaza ya ku Mzuzu,
ija yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa.
Ndinatseka kashopu kanga kosokera ku Chibavi,
kabaza mpaka ku Katoto,
holo ya sukulu, mabenchi ozizira,
mazenera awiri opanda galasi.

Mayina anawamata pakhoma.
Langa analilemba molakwika,
pambali pa la Vitumbiko Chavula wa ku yunivesite,
amene akuti amagonjetsa anzake
atatembenukira kukhoma.

Ine tchesi ndinaiphunzira pakhonde la Msowoya wometa,
pa katoni yojambula ndi bolopeni,
pomwe chitsekerero cha botolo ndi bishopu,
batani la jasi ndi hatchi.

Tinagwirana chanza. Lake linali lofunda.
Anakankha msilikali, n'kudina wotchi, n'kunyamuka
kukaonerera masewero a ena,
manja m'thumba ngati woyang'anira mayeso.
Akabwerera, ankasuntha chiimirire.
Wotchi yanga yokha ndiyo inkadya nthawi.

Ndinasoka pang'onopang'ono
monga ndichitira ndi nsalu yoterera ya mkwatibwi,
kupinda apa, mfundo apo.
Kenako hatchi yanga inalumpha,
n'kutera pamphanda, nsanja uku, mfumukazi uko.
Ndisaname, sindinakonzekere.
Ndinkangothawa.

Anabwera. Anatambasula dzanja.
Analibweza.
Anakoka benchi
n'kukhala pansi.
Anavula jekete.

Denga linkadonthera mu ndowa kumbuyo kwathu.
Mphindi khumi ndi ziwiri wotchi yake inayenda,
ndinaziwerenga zonse.
Anyamata atatu anadzaima pamsana panga,
mmodzi akutafuna chinangwa mwakachetechete.

Zotsalazo n'zosachita kufunsa.
Nsanja ija anaipereka osaphethira,
asilikali ake anakwera ngati linthumbu,
mfumu yanga inathawira pakona
n'kupeza pakonapo palibe khomo.
Ndinaigoneka ndekha
ndi chala chodzaza zipsera za singano.

"Mumasewerera kuti, adada?"
"Pakhonde la wometa."
Anaseka, n'kusiya kuseka.
Anatenga pepala la zotsatira,
anandifunsa kalembedwe ka dzina langa,
n'kulikonza.

Kunja nkhungu inali itameza Katoto yense.
Ndinabwerera wapansi, ndalama ya kabaza nditagulira tiyi.
Lolemba kukundidikira mayunifolomu makumi atatu
ndi zipi ya thalauza la abusa.
Msowoya adzazimitsa makina ake n'kufunsa.
Ndidzati: ndinaluza, achimwene.
Koma mnyamatayo anakhala pansi.