Bawuti wa Che Ndembo

Chiyambire m'mawa ndagona chagada pansi pa lole
pano pa Chinamwali, pa katoni yonyowa ndi oyilo,
dzimbiri likundithothokera m'maso ngati gaga.
Mabawuti atatu a sipiring'i atuluka mwaulemu.
Wachinayi wakana.

Ndamuthira palafini, wamwa.
Ndamuthira oyilo wa mabuleki, wamwanso, osathokoza.
Sipanala yaterereka, yandisenda mfundo za zala,
magazi ndi girisi zasanduka mtundu umodzi.

Pamwamba panga pali madengu a tomato wa ku Songani.
Mwini wake, Mayi Asiyatu, akuzungulira lole,
ine ndikungoona akakolo ndi masilipasi obiriwira.
"Ku Limbe tifika liti, bambo?
Tomato sadikira munthu."
Wayamba kale kudontha pakati pa matabwa,
dontho lina landigwera pamlomo. Lowawasa.

Twaibu, paipi!
Mnyamata wabwera nayo ija yopindika
timalumikiza kusipanala kuti mkono utalike.
Wakwerapo ndi mapazi onse awiri,
wadumpha, wadumphanso,
lole yonse yagwedezeka, mbuzi ya pamthunzi yathawa,
bawuti ali phee.

Ndapukuta mutu wake ndi chala chachikulu
kuti ndimuone nkhope mdani wangayu.
Pansi pa matope ouma, kadontho ka penti yachikasu.
Mpweya wandithera.
Mu Zomba muno ndi munthu mmodzi yekha ankachita zimenezi:
akamanga, n'kudonthezapo penti,
kuti lole ikadzagubuduzika potsika ku Chawe ndi matabwa
pasadzapezeke wonena kuti Ndembo sanamange.

Chino ndi chaka chachinayi chiwaikireni kwawo ku Malosa.
Zida zawo ana anagawana,
ovolosi yawo tinapukutira ma injini mpaka inatha.
Ine ndinatsala ndi chipsera kuseri kwa khutu
pomwe anandigogoda ndi sipanala
tsiku limene ndinadula bawuti chifukwa cha phuma.
"Chitsulo sachikalipira, Saukila.
Yamba wachifunsa chagona bwanji."

Ndiye dzanja lawo lili pano, likadagwira.
Mvula ya m'phiri yadutsapo kangati,
maenje a msewu wa ku Kachulu, fumbi la chilimwe,
madalaivala atatu, mmodzi woledzera,
koma dzanjalo silinatayirire.
Ndipo ine, mwana wa m'manja mwawo,
ndatha m'mawa wonse ndikulitukwana.

Kwa wowotcherera magetsi athima.
Twaibu wakapempha makala kwa mayi wootcha chimanga,
wabwera nawo pa fosholo, ofiira.
Ndawakhazika pansi pa nati,
ndapepetsera ndi chidutswa cha katoni,
utsi wa girisi wandikhetsa misozi.
Ndi utsi, ndamuuza mnyamatayo, ngakhale sanafunse.

Ku mzikiti aitana.
Ndatenga hamala yaing'ono,
ndagogoda katatu, pang'onopang'ono,
mmene timagogodera pakhomo la wamkulu:
odi.
Kenako monga anandiphunzitsira,
ndayamba ndamanga pang'ono, ngati ndikugwirizana nawo,
n'kubwezera kumanzere.

Kwee.
Kamawu kakang'ono, ngati chitseko cha nyumba yosiyidwa.
Theka la theka la kuzungulira.
Ndabweza, ndapita, ndabweza,
dzimbiri likutsika ngati fodya wopera,
mpaka wagwera m'chikhatho changa, wotentha,
mazinga ake onse ali bwinobwino.

Masilipasi obiriwira aima. "Zatheka?"
Zatheka, mayi.
Twaibu akufuna bawutiyo,
akuti a zitsulo zakutha amagula pa sikelo.
Ndamupatsa sipanala m'malo mwake:
watsopanoyu manga ndiwe, ine ndione.

Lole yatsokomola, yalowa mumsewu,
yasiya mzere wa madzi a tomato kuloza m'tauni.
M'thumba la ovolosi, pantchafu,
chitsulo chikundiwotchabe.
Mawa ndikafunse ku sitolo ya Che Mdala
kachitini ka penti kafika pa zingati.