Pakati pa Diripi ndi Diripi

Pakatha masabata atatu, Lachiwiri,
ndimakwera minibasi pa Zingwangwa kusanache,
kabuku kachipatala kali m'jumbo,
mpaka ku Gulupu.
Namwino Chikadza amasaka mtsempha
ngati wofuna singano m'dengu la zigamba.
Ine telala ntchitoyo ndimaidziwa, ndimangomupenya.
Kenako dontho. Dontho. Dontho.
Ndinayesapo kuwerenga, ndinalekezera pa mazana asanu.

Dzina la nthendayi ndinalimva kamodzi: khansa.
Dokotala anapitiriza kulankhula
koma makutu anga anali atatuluka kale,
ali pa Jinale Kona kudikira galimoto.

Masiku anayi otsatira si anga.
Madzi amamveka ngati ndanyambita khobidi.
Anyezi wokazinga kwa aneba amandigwetsa pamphasa.
Tsitsi linatsalira pa pilo, pang'onopang'ono,
ngati ulusi umene ndimasesa madzulo pansi pa makina.

Mwana wanga Ndaziona anagula kalendala.
Masiku a diripi anawazunguliza ndi inki yofiira,
pakatipakati naikapo zobiriwira.
"Nanga izi?"
"Amenewo ndi maulendo, amayi."
Ndinaseka. Ndi ndalama ziti? Ndi miyendo iti?

Woyamba unali wa ku Chileka basi.
Tinaima kunja kwa mpanda ndi chinangwa chophika,
tsiku lonse kunanyamuka ndege imodzi,
mdzukulu wanga anaibayibitsa mpaka inamezedwa ndi mitambo.
Wachiwiri, mlamu Lameki anabwereka galimoto
ya chitseko chotsegukira kunja kokha,
tinaloza ku Thyolo.
Ndinasanza kawiri pa Bvumbwe.
Komabe ndinamuona tiyi atayala zitunda zonse
ngati nsalu imene palibe anaidulapo,
zala zanga zinayabwa, kufuna sizasi.

Wachitatu sitinapite.
Magazi anachepa, chiperoni chinakwirira Soche,
ndinalira tsiku lonse nkhope ili kukhoma.
Ndaziona sanafute chobiriwiracho.
Anangojambula kamuvi
kuloza sabata yamawa.

Anzanga a banki mkhonde sanabwere ndi nkhope za pamaliro.
Asiyatu anafika ndi mipango isanu ndi umodzi,
nandimanga monga amangira kwawo,
ati, "Mutu wakowu ngwabwino, unkangobisala."
Felesiya amakhala nane pa benchi maola onsewo
kundithira nkhani za mumsika wa Limbe,
theka lake ndikudziwa amapeka yekha.
Mai Nankhoma salankhula.
Amabwera Loweruka, kuchapa, kuyanika, kupita.
Ndipo m'kabuku ka gulu, pa dzina langa,
wina wakhala akundisonkhera.
Ndikafunsa, onse akuyang'ana kudenga.

Sindikunena kuti sindiopa.
Usiku agalu a ku Chilobwe akayamba
ndimagwira pamene anachekapo,
ndi kuwerenga amene tinkakhalira limodzi pa benchi
amene sakubweranso.
Mmodzi ankatigawira maswiti a ndimu
kuti nseru ichepe.
Dzina lake sindinalifunse, ndinkati mawa.

Dzulo kunabwera mtsikana wa ku Naperi
ndi nsalu yoyera, mamita asanu ndi atatu.
Ukwati uli mu Disembala.
Anayang'ana mpango wanga, anayang'ana pansi.
"Kapena ndipite kwina, mayi?"
Ndinavula tepi m'khosi.
Kwezani manja. Musapume kaye.
Chiuno, mapewa, kutalika mpaka m'kakolo.
Ndinalemba m'buku,
ndinalandira theka la ndalama, ndinawerenga kawiri,
atatuluka ndinaitana Ndaziona:
bwera nacho cholembera chobiriwira chija.

Kwatsala madiripi atatu.
Lameki akuti ku Mulanje kuli madzi otsika m'phiri
ozizira mpaka mano kuguguda,
akufuna ndikaviikemo mapazi.
Tiona.
Makina ndawathira mafuta,
singano yatsopano ndaika kale.