M'mphepete mwa Chithunzi

Anabwera ndi chifuwa cha milungu itatu,
kalata ya ku Chongoni ili m'thumba la jekete,
pansi pa jekete juzi, pansi pa juzi juzi inzake.
Juni wa ku Dedza safunsa zaka za munthu.
Ndinati, Bambo Kathumba, vulani zakumtunda zonse.
Anavula ngati akusenda anyezi,
ndipo atatha kusenda, munthu anatsala wochepa.

Gundani chifuwa pa chitsulopa. Chikuzizira, pepani.
Manja m'chiuno, mapewa kutsogolo.
Kokani mpweya. Gwirani pomwepo.
Makina anati tswii. Pumani tsopano.

Adokotala ankasaka chifuwa chachikulu.
Anayenda nthiti ndi nthiti
ngati woyendera mizere ya kachewere,
pamwamba pa mapapo, kuseri kwa mtima,
osachipeza. Mapapo ali bii,
kuda kokhako kumene ife kuno timakondwera nako.

Koma maso anga ali ndi chizolowezi chawo:
amathawa pakati, nakayenda m'mphepete
kumene chithunzi chimathera.
Kumeneko, kunja kwa nthiti, kumakhala mtambo wotuwa,
mnofu umene umakweza khasu, umene umabereka mwana.
Pa bamboyu mtambowo unali utapyapyala
ngati nkhungu ya paphiri dzuwa likakwera.

Ndinafukula chithunzi chawo chakale m'kompyuta,
cha tsiku lomwe chipika cha paini chinawagwera,
zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo.
Mafupa ndi omwewo,
mfundo ziwiri pomwe nthiti zinalumikizana.
Koma munthu wakaleyo chithunzi chinkamuchepera,
mapewa ankasefukira kunja.

Sikelo yati makilo awiri okha ndiwo achoka.
Sikelo imayeza thumba,
siifunsa ngati muli chimanga kapena madeya.

Finyani zala zangazi, ndinatero.
Anafinya.
Finyani ndithu, musandimvere chisoni.
Anati, Mwanawe, ndafinya kale.

Kenaka anayankhula akuyang'ana khoma:
Matabwa khumi ndi awiri dzuwa lisanapendeke,
ine pamwamba, malemu Sitefano m'dzenje,
utuchi uli m'maso, macheka akulira.
Lero ndowa ya madzi ndimapuma nayo kawiri
ndisanafike pakhomo.
Akazi anga akuti malaya ndiwo akukula.
Ine ndimati ndi ukalamba basi.
Kodi ukalamba umaoneka pa galasi lanulo?

Umaoneka, bambo. Koma si wonse uli ukalamba.
Wina ndi ndiwo za masamba okhaokha chaka chathunthu,
wina ndi mpando wa pakhonde
umene wakhala ukukudyani mwakachetechete
chilekereni macheka.
Wina sitikuudziwa, mpaka tione magazi.

Sisitala Nachisale analemba papepala:
nyemba, soya, nsinjiro, mazira,
kudzuka pampando kakhumi osagwira maondo,
m'mawa ndi madzulo.
Pa mazirapo anaseka mpaka chifuwa chinabwerera.
Mazira ndiye sopo wathu, amayi.
Nkhuku zanga zitatu zimaikira mdzukulu wa Fomu Thuu.
Sisitala anati, Limodzi pa atatu alionse.
Iwo anati, Pa asanu.
Anagwirizana pa anayi,
ngati ogulitsana kabichi pa Bembeke.

Anavala juzi, juzi inzake, jekete,
akukula pang'onopang'ono pamaso panga,
mpaka anasandukanso bambo wa mapewa
amene anthu amamupatsa njira pamsika.

Atafika pachitseko anatembenuka.
Tandionetseninso wakale uja.
Ndinawatembenuzira galasi.
Anayang'ana nthawi yaitali,
chala chikutsata mtambo wotuwa uja osaukhudza.

Ameneyu ndikumudziwa, anatero.
Ankadya ngati anthu awiri.
Musamufufute.
Ndibwera mu Okutobala, kukatentha,
ndi malaya amodzi okha,
mudzatiike pafupi.

Panja mzere unali utafika pa mpopi.
Ndinapukuta chitsulo chija,
pomwe chifuwa chawo chinasiya kachifundo kochepa,
ndi kuitana dzina lotsatira.