Tombolombo wa ku Limbuli

Bambo anga ankaitcha Tombolombo
chifukwa cha mapiko ake anayi, awiri pamwamba, awiri pansi,
okungidwa ndi mawaya opingasana.
Mafupa ake ndi matabwa, khungu lake nsalu.
Ukaigogoda ndi chala
imayankha ngati ng'oma yosawamba.

Amati inabadwira nkhondo koma nkhondoyo sinaione.
Yake inali ntchito yophunzitsa anyamata kukwera mumlengalenga,
mipando iwiri, wodziwa ndi wamantha.
Mnyamata akaphunzira kutera osathyola kanthu
ankaitsanzika, n'kukafera mu ndege zina zazikulu.
Iyo n'kutsala pa udzu,
kudikira mwana wina wonjenjemera mawondo.

Mfuti zitatonthola anaigulitsa motchipa.
Inatsika ku Luchenza m'mabokosi atatu,
lole n'kuibweretsa kuno kudzawaza mankhwala pa tiyi.
Bambo, a Likhutcha, ndiwo ankapukusa pulopela ndi manja
n'kudumphira kumbuyo isanawalume.
Tsiku lina inawapezerera, chala cha mkombaphala chinapita.
Zaka khumi ndi zinayi akuidzutsa mbandakucha,
sanakwereko ngakhale kamodzi.
Ndikawafunsa za kumwamba ankangoti,
ine ndimadziwa fungo lake basi.

Kenako chiperoni china chinaphimba phiri masiku asanu.
Woyendetsa sanaone bulugamu wa kumapeto kwa munda.
Anatuluka wamoyo, akutukwana, ndipo sanabwererenso.
Anthu khumi anaikankhira mu shedi ya feteleza,
phiko limodzi likukwekwereka.

Malipiro a bambo anathera pomwepo, koma iwo ayi.
Loweruka lililonse ankapita ndi chitini cha oilo wakuda
kukapaka matabwa kuti chiswe chisalowe.
Nkhuku za alonda zinaikira pa mpando wakutsogolo.
Mavu anamanga pansi pa injini.
Ndipo ndiulule lero:
chaka chomwe ndinayamba sukulu, mayi anapita ndi lezala usiku,
anadula nsalu ya phiko lothyokalo
n'kundisokera chikwama cha mabuku.
Bambo anachiona. Anadya mwakachetechete sabata yonse.

Ogula zitsulo anabwera ndi sikelo yawo,
anaizungulira, anaigwedeza mchira, analavula.
Nkhuni zokhazokha izi, anatero, makilo ake ali kuti?
Anatenga wilibala yakufa n'kumapita.
Inapulumuka chifukwa chopepuka.

Bambo tinawaika chaka chisanabwere namondwe.
Usiku umenewo phiri linasanza miyala,
Ruo anadya milatho ndi mayina a anthu amene ndinkawasokera.
Malata a shedi anauluka onse,
ena tinawatola kutsidya, ku Mozambiki.
Chinthu chokha chimene chinapangidwira kuuluka
ndicho chinatsala pansi,
chomangidwa ndi mfundo za munthu wa zala zisanu ndi zinayi.
Mlonda amalumbira kuti anaiona ikudzutsa mchira,
ikukoka zingwe, ikufuna.

Mwezi watha kunabwera alendo ndi makamera.
Anapukuta kachitsulo ka manambala ndi malovu,
anayang'anana, mmodzi n'kuvula chipewa.
Akuti zotere zatsala zowerengeka padziko.
Akuti ikhoza kuulukanso, koma osati kuno.
Sanafunse amene ankapaka oilo.

Ine ndine telala, makina anga ali pakhonde la golosale.
Dzulo ndinasomola chikwama chija, ulusi ndi ulusi.
Nsaluyo yachita chikasu, ili ndi inki ya sitandade wani,
koma itafika pa bala lake inakwana ndendende.
Ndinasoka ndi singano ya masaka mpaka dzuwa kupendeka.

Nditamaliza ndinachotsa mazira awiri pa mpando,
ndinakwinya chitenje, ndinakwera.
Mopanikiza muja, monunkha zitosi ndi oilo wa bambo.
Kutsogolo kulibe denga, kulibe chitseko,
phiri lokha, lili chiimire.
Ndinakhala mmenemo nthawi yaitali
manja ali pa ndodo yowongolera,
kudikira wina woti apukuse pulopela.