Khomo Lopanda Nyumba

Kuno ku Lizulu malire ndi msewu.
Ndikaoloka kukapikula kachewere tsidya linalo
ndafika ku Mozambiki mphindi isanathe,
ndipo palibe wondifunsa dzina la amayi anga.
Nkhuku ya a Nanzunga imaikira mazira dziko lina
n'kubwera kudzagona dziko lino.
Zaka makumi asanu ndi zitatu ndakhala choncho,
phazi ili kuno, linali uko,
osasainira munthu.

Mwezi wathawu Sigele anatumiza tikiti:
Bwerani ku Joni, amayi, mudzaone mdzukulu.

Pa bwalo la ndege, kufupi ndi Lumbadzi,
anayamba ndi zala.
Ikani chachikulu apa. Tsopano zinayi. Dinikizani.
Mizere ya zala zanga inatha kalekale,
inadyedwa ndi mpini, sopo ndi mame a m'dimba la kabichi,
galasi linakana kuziwerenga.
Anapukuta, n'kuyesanso, n'kupukutanso,
ngati ndabwera ndi manja obwereka.
Yang'anani apa. Musaseke.
Choseketsa chinali chiyani?
Kadiso kakuda kanandimeza osaphethira.

Nsapato m'beseni. Mpango m'beseni.
Botolo la uchi wa ku Tsangano linagwera m'bini,
ati zamadzimadzi sizikwera.
Uchi si madzi, ndinatero.
Mnyamatayo sanadzutse mutu.
Kenako anandilozera khomo loima lokha, lopanda nyumba.
Ndinadutsa.
Khomolo linalira.

Inali pini chabe,
yogwirira kathumba ka ndalama m'kati mwa chitenje.
Koma imani apo, tambasulani manja.
Ndinaima ngati chidole choopsezera akhwangwala m'munda.
Mtsikana wa yunifolomu, msinkhu wa Sigele,
manja ali m'magolovesi,
anayambira m'khwapa, n'kutsika, n'kutsikabe,
mpaka pamene manja a bambo Dzonzi okha ankafika,
ndipo bambo Dzonzi tinawaika zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo.
Zala zake zinagunda mikanda.
Ichi n'chiyani?
Mzere wonse kumbuyo kwanga:
abusa, anyamata a geni, mzungu wa chikwama chofiira,
onse akudikira yankho.
Ndinatsegula pakamwa, mawu anakana.

Iye anakweza maso, n'kuwatsitsa msanga.
Anadziwa. Nayenso ndi mwana wa munthu.
Pepani amayi, ananong'ona,
inenso ikundiona.
N'kuloza kudenga ndi chibwano.

Ndege inauluka bwino, ndisaname.
Mdzukulu ali ndi makutu a bambo Dzonzi.
Mwina n'zoona kuti alipo onyamula moto m'nsapato.
Sindinawaone, koma inenso ndinkafuna kukatera wamoyo,
zimenezo sinditsutsa.

Chimene ndafunsa aphunzitsi a Kalilombe,
aja amagula matimati kwa ine Loweruka lililonse,
n'chakuti: zala zanga zija zili kuti tsopano?
Ati zili m'kompyuta.
Ya yani?
Ya boma, mwinanso ya maboma ena.
Nanga nkhope yosaseka ija, amaiona ndani usiku ine ndili mtulo?
Aisunga mpaka liti?
Aphunzitsi anafinya tomato, n'kufunsa mtengo.
Mbuzi ukaipereka kwa woweta umadziwa khola lake,
umadziwanso tsiku lokaitenga.
Ine ndikadzagona pambali pa bambo Dzonzi,
adzabweza zalazo kuti tiikidwire pamodzi?

Lero m'mawa chifunga chinali chitakuta phiri,
malole akuyenda magetsi ali oyaka.
Ndinafika m'mphepete mwa msewu, dengu pamutu,
monga masiku onse,
ndipo ndinaima.
Palibe anandiimitsa.
Ndinangodzipeza ndikuyang'ana pamwamba pa pholo,
ndikufufuza kadiso kamene kulibe,
zigongono zitayamba kale kuchoka m'nthiti.

Nkhuku ya a Nanzunga inandidutsa m'miyendo
n'kuoloka.