Chala Chobwereka

Pamwamba pa chipinda changa, ku Valparaíso,
komwe nyumba zimagwirana mapewa kuopa kugwera m'doko,
pamakhala bambo Nibaldo ndi gitala wawo.
Ndikaweruka kuchipatala, miyendo ili ngati matumba a simenti,
denga langa limayamba kudontha.
Osati mvula ayi. Kodi imodzi yokhayokha,
yakuda, yolemera,
kulira kwa sitima yosochera m'chifunga.

Miyezi isanu ndinapirira.
Koma tsiku limene mwana wa pa bedi lachisanu ndi chiwiri anatisiya
ndinakwera masitepe mtima uli m'mwamba,
ndinagogoda ngati wodzalonjerera ngongole.
Bambo, ndinatero, imfa ndaisiya kuntchito,
mukundiperekezeranji nayo mpaka kunyumba?

Sanayankhe. Anangotukula dzanja lamanzere.
Chala chachikulu, kenako mpata,
kenako ziwiri zakumapeto, basi.
Chamkombaphala ndi chapakati
chingwe cha kireni chinadya m'mawa wina
akukweza mabokosi a mphesa opita kunja.

Ndi zala ziwiri, anatero, yomwe ndimaigwira bwino ndi iyi.
Anthu amati ndikulira Eulogia.
Kaya.
Ndinayamba kuiimba iye akadali moyo,
akukazinga nsomba apo, akundilalatira za lendi.
Anapita, kodi ija n'kutsala,
ndipo lero sindidziwa anayamba ndani kuitana mnzake,
chisoni kapena nsambo.

Ndinafuna kutsika. Anandikola ndi diso.
Tabwera, Ximena. Ndibwereke chala.
Apa, nsambo yachitatu, kampata koyamba.
Dinikiza, siiluma.

Ananama. Inaluma.
Chala changa chonunkha sopo wa kuchipatala
chinakhala pomwe panali chawo kale,
iwo n'kukanda nsambo zonse kamodzi.

Mayo ine.
Ngati wina wakankha zenera lomwe linamatirira ndi penti.
Nsambo zomwezo, thabwa lomwelo long'aluka pambali,
liwu limodzi lokha litakwera kaphazi kamodzi,
koma m'chipindamo munacha.
Ndinaona kuti makoma ndi achikasu,
kuti pa tebulo pali ndimu wodula pakati,
kuti mphaka wawo ali ndi khutu limodzi loyera.

Ndipo ine, amene kodi yakuda sinandigwetse miyezi isanu,
yowalayi inandithyola mawondo.
Misozi chuchuchu, mamina, zonse,
dzina la mwana uja likutuluka lokha m'kamwa.
Matías. Ankakana phala, ankafuna masokosi a buluu.

Bambo Nibaldo sanandigwire paphewa.
Chotsa, anatero. Kunada.
Bwezera. Kunacha.
Chotsa. Bwezera.
Tinaseweretsa usiku ndi usana
ngati ana awiri opeza switchi ya magetsi
mpaka mayi wa nyumba yoyandikana anamenya khoma ndi tsache.

Zaka khumi ndi zinayi, anatero akupukuta m'maso ndi mkono,
sindinaimve ikutuluka m'bokosi muno.
Ndimayesa inapita ndi zala.
Kani inali momwemo, ikudikira.

Tsopano Lachinayi lililonse ndimakwera.
Ndimanyamula buledi, iwo amawiritsa tiyi wowawa.
Masiku ena ndimabwereketsa chala mpaka chichite dzanzi.
Masiku ena manja amakhala m'matumba a juzi,
iwo safunsa,
amangoimba yakuda ija pang'onopang'ono,
ine n'kukhalamo ngati m'madzi ofunda.
Ndaphunzira kuti nayonso siipha.
Imangokhala nawe pansi.

Kunsonga kwa chala changa kwamera kachikopa kolimba.
Ndikamafufuza kugunda kwa mtima pa dzanja la wodwala
ndimakamva, kali pakati pa ine ndi mtsempha,
ndipo ndimadikira, mutu utapendeka,
monga amachitira bambo Nibaldo asanakande nsambo,
pomwe chipinda sichinadziwe
ngati kuda kapena kucha.