Mkaka Wobwezedwa

Thanki ya ku Goliati yafa lero.
A Namaona angotambasula manja pakhomo:
bwererani nawo mayi, galimoto sibwera.
Malita asanu ndi anayi pakaliyala wa njinga,
ndinakwera nawo chitunda, ndatsika nawo chitunda,
akukhuvuka m'chigubu ngati akundiseka.

Ng'ombe sidziwa kuti thanki yafa.
Madzulo ifuna kukamidwanso.

Pamwamba pa kabati pali poto uja
anatumiza Elube kuchokera ku Joni,
wachingwe kumchira, chivundikiro chagalasi.
Zaka ziwiri wakhala akusunga makiyi,
mabatani ndi makadi a kusikelo.
Ankati ngophikira nyemba iwe uli m'tulo.
Ine nyemba zanga ndimafuna kuzimva zikubwata.

Ndamutsitsa, ndamutsuka.
Wameza malita atatu basi,
enawo ndagawa kuseri kwa mpanda
kwa anthu amene sadzandibwezera.

Poto ameneyu alibe phuma.
Salira, satukusira, safuna womukolezera,
kanyali kake kofiira kali phee
ngati diso la wodikirira matenda.
Ndasenda chinangwa, ndamweta nsenjere, ndabwera,
mkaka ukungotuluka thukuta.
Maola atatu, ndiye timathovu m'mbali,
kakhungu kakunjenjemera pamwamba.
Ndazimitsa.

Tsono uzizire, koma usazizire.
Elube pafoni akuti mukanagula choyezera.
Ndili nacho, mng'ono wanga:
kachala aka kanayesa madzi osambitsa ana anayi.
Ndikakaviika n'kuwerenga mpaka khumi osalumpha,
ndiye kuti wafika.

Mbewu ndagula pagolosale,
kakapu ka yogati woyera, wopanda shuga.
Akuti muli tizilombo tamoyo.
Taonani zanga!
Zaka zonsezi ndikutsuka mawere a ng'ombe,
kuwiritsa nsalu, kuyanika zigubu padzuwa
kuti kachilombo kasaponde mumkaka wanga,
lero ndatiitana ndekha, masipuni atatu,
ndatitakasira pang'onopang'ono
ngati alendo ochokera kutali.

Seveni koloko magetsi thi.
Fatsileni m'mdima akuti amayi, zaonongeka.
Ayi mwanawe, kuno tafika moto ulibe ntchito,
chatsala ndi kufunda.
Ndakuta poto ndi thaulo,
pamwamba bulangete la alendo,
pamwamba penipeni jekete ya bambo ake.

Bambo ake atulukira ndi tochi ndi chibonga,
akupita kukalondera fakitale ya tiyi,
kunja chiperoni chayamba kuwaza.
Ayang'ana msomali wopanda kanthu.
Ayang'ana poto wavala manja awo.
Ndimati alankhula.
Angotenga juzi yakale yobooka pachigongono,
chitseko gwa.

Usiku uno alonda tilipo awiri.
Iwo ku tiyi, ine pano,
kulondera chinthu chosafuna kusuzumiridwa.
Kawiri konse ndadzuka, ndapisa dzanja pansi pa jekete.
Mukadali kutentha, ngati pamimba pa mwana wogona.
Osatsegula. Osagwedeza.
Ntchito yonse ndi kusiya,
ndipo ine kusiya sindinakuphunzire bwino.

Kwacha ndi nkhungu, mitengo ya bulugama siikuoneka.
Ndavula poto chimodzichimodzi.
Mkaka wadzulo uja wakhala pansi,
wagwirana, wasalala ngati pansi pozira kumene,
timadzi tachikasu tikuzungulira m'mphepete.
Ndabaya sipuni, dzenje latsala pomwepo.
Kuwawasa kwake n'kwaulemu,
kumagogoda kaye kusanalowe.

Bambo ake afika juzi ili chonyowa.
Ndawadulira nthochi ziwiri m'kapu.
Adya chiimire, akokota, ayang'ana m'kapumo:
ichi n'chambiko ndithu,
koma chambiko chopita kusukulu.
Atenga jekete yawo, ainunkhiza, aivala choncho.

Ndapatula kakapu kamodzi, ndabisa kuseri kwa mtsuko,
Fatsileni asakaone. Imeneyo ndi mbewu.
Uthenga wa a Namaona walowa:
amakaniko mwina Lachisanu.
M'khola ng'ombe yayamba kale kuitana,
ndipo makiyi aja ndi mabatani
ndiwapezera pena pokhala.